Maswiti okoka pamanja a ku China: shuga amasanduka bwanji timaulusi 16,384?

Amene amakonda kuonera timavidiyo ta zakudya pa foni ayenera kuti anakumanapo nako aka. Munthu waima kuseri kwa kathebulo m'kashopu kothina, m'manja mwake muli chinthu chozungulira ngati nkhata. Akuchikoka, kuchipinda, kuchigudubuza mu ufa, kuchikokanso. Pakangopita mphindi zochepa, nkhata ija yasanduka mtolo wa timaulusi toyera mbee. Oonera amagawanika. Ena amati ndi noodles, ena amati ndi maswiti a thonje aja amagulitsidwa pa zionetsero, enanso amakayikira kuti vidiyoyo anaidula pakati.

Chimene chili m'manja mwa munthuyo ndi shuga wophika, ndipo palibe makina alionse obisika pansi pa thebulo. Ku China amawatcha longxu tang, kutanthauza maswiti a ndevu za chinjoka. Chinjoka chake si choopsa chija cha m'buku la Chivumbulutso ayi. Kumeneko chinjoka ndi chizindikiro cha mvula, mphamvu ndi ufumu, choncho dzinali ndi laulemu.

Wofuna kumvetsa chifukwa chake maswitiwa amapangidwa wogula akuona, chifukwa chake sachedwa kuwonongeka, ndiponso chifukwa chake a m'paketi amakoma mosiyana, atsate chinthu chimodzi: madzi. Ntchito yonse, kuyambira pamoto mpaka pakamwa, ndi yochotsa madzi mu shuga pa mlingo woyenera, kenako kuwaletsa kubwereramo.

Kukoka kuli pawiri

Mawu akuti maswiti okoka amaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amasokonezekera pamenepa.

Yoyamba ndi yokoka pa mbedza. Mmisiri amapachika chimtanda cha manyuchi otentha pa mbedza yachitsulo kapena pa chikhomo chamtengo chimene chili pakhoma, n'kuchikoka mita imodzi kapena awiri, kuchipinda, kuchiponyanso pa mbedza paja. Nthawi iliyonse akapinda, mpweya umatsekeredwa mkati. Manyuchi amene anali ofiirira ndi oonekera mkati amayamba kunyezimira, kenako amayera popanda kuthira mtundu uliwonse, chifukwa timabowo tampweya tambirimbiri timamwaza kuwala. Akazizira amakhala opepuka ndi osavuta kuswa. M'gulu limeneli muli maswiti a jinja a m'tauni yakale ya Fenghuang, m'chigawo cha Hunan, amene amakokedwa pakhomo penipeni pa shopu anthu akudutsa. Muli dingding tang a ku Sichuan ndi ku Hong Kong, amene wogulitsa amaswa ndi kanyundo ndi tchizulo, ndipo kulira kwa zitsulozo ndiko kumaitana ogula. Mulinso tanggua ndi guandong tang a kumpoto kwa dzikolo.

Yachiwiri ndi ya ndevu za chinjoka. Apa mmisiri safuna mpweya mkati mwa shuga. Chimene akufuna n'choti chingwe chimodzi chigawike kukhala zingwe zambirimbiri zosagwirananso, ndipo ufa ndiwo umaziletsa kugwirana. Pa mbedza, zopindidwa zimamatana n'kubwerera kukhala chinthu chimodzi. Mu ufa, zopindidwa zimakhalabe zolekana. Dzanja limachita zofanana, koma zotuluka zake n'zosiyana kutalitali.

Maswiti a thonje a pa zionetsero sali m'magulu awiriwa. Amenewo ndi a makina: shuga wouma amasungunulidwa m'kambale kozungulira mothamanga, n'kufwamphukira kunja kudzera m'timabowo. Makinawo anawapanga William Morrison, yemwe anali dokotala wa mano, ndi John C. Wharton ku Nashville, ku America, mu 1897, ndipo anatchuka pa chionetsero chachikulu cha ku St. Louis mu 1904. Mulibe ufa, mulibe mtedza, ndipo palibe dzanja limene limakoka.

Shuga wa chimera

Maswiti okoka a ku China anayambira pa shuga wa chimera, wotchedwa maltose, osati wa nzimbe. Ku China amamutcha maiyatang. Munthu amene anaphikapo thobwa akudziwa kale theka la nkhaniyi. Phala likapsa amalisiya lipoleko, kenako amathira chimera, ndipo phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera lopanda shuga. Chimachitika n'chakuti mbewu ikamera imatulutsa ma enzyme amene amadula sitachi kukhala shuga. Ku China amachita zomwezi, kungoti chimera chawo ndi cha tirigu kapena balere, ndipo phala lawo kawirikawiri ndi la mpunga womata.

Kachitidwe kake ndi aka. Tirigu amanyikidwa usiku wonse, kenako amayalidwa pamalo achinyezi ndi kumawazidwa madzi kwa masiku anayi kapena asanu, mpaka timasamba titatalika masentimita atatu kapena anayi. Amamuduladula kapena kumusinja ali muwisi. Mpunga amauphika mpaka kufeweratu, n'kuusiya uzizire kufika madigiri pafupifupi 60. Muyezo wofala ndi gawo limodzi la tirigu wouma pa magawo khumi a mpunga. Akasakaniza, amavundikira pamalo ofunda kuti kutentha kukhale pakati pa madigiri 55 ndi 60 kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mukathira chimera mumpunga wotentha kwambiri, ma enzyme amafa ndipo mpunga umangokhala mpunga. Mukalola kuti zizizire kwambiri kapena zikhalitse, zimayamba kusasa. Zikayenda bwino, mpunga umasanduka madzi otsekemera ndi timakoko. Amasefa pa nsalu, n'kuwiritsa madziwo mpaka atakhuthala kukhala manyuchi a mtundu wa uchi.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. Buku la zaulimi lotchedwa Qimin Yaoshu, limene Jia Sixie analemba cha m'ma 540, lili ndi mutu wofotokoza kaphikidwe ka shuga wa chimera. Shuga wa nzimbe wa mibulu anakhazikika pambuyo pake. Mbiri ya mafumu a Tang imanena kuti mu 647 mfumu Taizong inatumiza nthumwi ku Magadha, ku India, kukaphunzira kaphikidwe kake.

Amisiri sanamusiye maltose ngakhale shuga wa nzimbe atachuluka, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, satsekemera kwambiri. Kutsekemera kwake sikufika ngakhale theka la shuga wa mu tiyi, choncho mtedza ndi chitowe zimamveka bwino mkamwa. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, maltose sachita mibulu msanga. Amananda, amatamuka, amalola kukokedwa.

Maswiti a tanggua ali ndi mwambo wawo. Kutatsala sabata kuti chaka chatsopano cha ku China chifike, pa tsiku la 23 la mwezi womaliza kumpoto ndi la 24 m'madera ambiri a kummwera, mabanja amatsanzikana ndi Zao Jun, mulungu wa kukhitchini, amene amati amakwera kumwamba kukapereka lipoti la zochita za pabanjapo. Amamupatsa maswiti omata. Ena amati n'cholinga choti akalankhule zokoma, ena amati n'choti pakamwa pamatike asaulule zambiri. Nthawiyo kumpoto kumakhala kozizira koopsa ndi kouma, nyengo yabwino kwambiri kwa maswiti otere. Opanga ake amakokera pamwamba pa mphika wotulutsa nthunzi kuti manyuchi asaume ntchito isanathe.

Kuphika: nkhondo yolimbana ndi mibulu

Shuga wa nzimbe akasungunuka m'madzi, n'kuphwetsa madziwo, amafuna kubwerera kukhala mibulu. Ndi chikhalidwe chake. Mibulu siikokeka, imangoyoyoka. Wopanga maswiti okoka amafuna shuga azizire asanapeze mpata wodzisanja m'mibulu, akhale chinthu chimodzi chosalala choonekera mkati. Asayansi amati shuga wotere ali mumkhalidwe wa galasi: ndi wolimba, koma tizigawo take tili balala ngati m'madzi. Akafunda pang'ono amafewa n'kuyamba kutamuka, osathyoka.

Pali njira ziwiri zotsekereza mibulu. Ina ndi kusakaniza shuga wa mtundu wina, maltose kapena manyuchi a chimanga a kufakitale, amene amalowerera pakati n'kusokoneza kusanjana kuja. Ina ndi kuthira viniga pang'ono. Asidi wa mu viniga, pamodzi ndi moto, amaswa gawo la shuga wa nzimbe kukhala mitundu ina iwiri ya shuga, gulukosi ndi fructose, zimene zimagwira ntchito yomweyo. Muyezo umene ophika ambiri amasiku ano amatsata ndi kilogalamu imodzi ya shuga, magalamu 100 a maltose kapena manyuchi a chimanga, theka la lita ya madzi, ndi sipuni yaing'ono imodzi ya viniga woyera. Amisiri ena amachulukitsa maltose, ena amaphika maltose yekhayekha.

Kutentha kwa manyuchi owira kumauza wophika kuchuluka kwa madzi otsala. Madzi akamachepa, kutentha kumakwera. Pa madigiri 115, shuga amakhala pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse, ndipo dontho lake m'madzi ozizira limapanga kampira kofewa. Pakati pa 121 ndi 130 kampirako kamalimba koma kamabonyokabe mukakadina. Kuyambira 132 mpaka 143 dontho limapanga tizingwe timene timapindika tisanathyoke. Pa 150 madzi amakhala atatsala pang'ono kutheratu, ndipo shuga amathyoka kuti thyo, monga maswiti oyamwa a m'golosale. Ndevu za chinjoka za shuga wa nzimbe zimakhala pa malire enieni, pakati pa 130 ndi 133. Amene amachulukitsa maltose amaphula msanga, cha m'ma 120. Madigiri awiri kapena atatu okha amasiyanitsa chinthu chokokeka ndi mwala.

Manambala amenewa ndi a malo otsika, kufupi ndi nyanja yamchere, kumene madzi amawira pa 100. Mukakwera mamita 300 alionse, madzi amawira msanga ndi digiri imodzi. Ku Lilongwe, kumene kuli pamwamba ndi mamita opitirira pang'ono 1,000, madzi amawira pa 96 kapena 97, choncho wofuna kuyesa kumeneko achotsere madigiri atatu kapena anayi pa muyezo uliwonse. Njira yosalephera ndi kuyamba mwaika choyezera kutentha m'madzi owira, kuona nambala yake, n'kuwerengera kuchokera pamenepo.

Moto ukhale wapakati, kuti kuwira kutenge mphindi 20 mpaka 25. Ukakula kwambiri viniga sapeza nthawi yogwira ntchito, ndipo kutentha kumadumpha muyezo musanaphule. Ukachepa kwambiri shuga wochuluka amasweka, maswiti n'kukhala omata ndi achikasu. Manyuchi akayamba kuwira musatakase. Timibulu tokakamira m'mbali mwa mphika titsukeni ndi kaburashi konyowa, kapena vundikirani mphika kwa mphindi ziwiri kuti nthunzi ititsitse, chifukwa kambulu kamodzi kakagweramo kamaitana anzake mpaka mphika wonse kuchita mchenga.

Mukaphula, dikirani thovu lithe ndipo kutentha kutsike kufika cha pa 100, kenako thirani m'timakapu topirira kutentha, magalamu 80 mpaka 100 m'kapu iliyonse. Vundikirani zikazizira, zikhale maola angapo. Chibuma chabwino chimakhala choonekera mkati, ndipo chala chachikulu chikadina mwamphamvu chimasiya kadzenje. Chenjezo limodzi lisaiwalike: manyuchi a madigiri 130 amaotcha kuposa madzi owira ndipo amakakamira pakhungu. Ana atalikire, ndipo beseni la madzi ozizira likhale pafupi.

Masamu a nkhata

Mmisiri amaboola pakati pa chibuma chija ndi chala, n'kuyamba kukulitsa bowolo pofinya ndi kuzunguliza, mpaka chitakhala nkhata yaikulu yolowa manja onse awiri momasuka. Kenako amaipotokola kuti ioneke ngati nambala 8, n'kupinda mbali ziwirizo pamodzi. Tsopano nkhata ili ndi zingwe ziwiri. Amaigudubuza mu ufa, kuikoka kuti ibwerere pa kukula kwake koyamba, kupotokola, kupinda: zingwe zinayi. Kenako 8, 16, 32, 64. Akapinda kakhumi zimakhala 1,024. Ka 12 zimakhala 4,096, ka 13 ndi 8,192, ndipo ka 14 ndi 16,384, nambala imene ogulitsa amakonda kuitchula mokweza. Si onse amafika pamenepo. Ambiri amalekera pa 11 kapena 12, ndipo maswiti ake amakhala abwinobwino.

Kuonda kwa ulusi nako kumawerengeka. Nkhata ikabwerera pa kukula kwake, shuga yemweyo wagawika pa utali wowirikiza kawiri. Kupinda kawiri kulikonse kumachepetsa kunenepa kwa chingwe ndi theka, ndiye kupinda ka 14 kumachepetsa ka 128. Chingwe choyamba chikakhala chonenepa sentimita imodzi, chomaliza chimakhala chosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, mofanana ndi tsitsi la munthu. Ndipo ngati nkhatayo ndi ya masentimita 60 kuzungulira, ulusi wonse mutautambasula ungatalike pafupifupi makilomita khumi, kuchokera m'kachibuma kokwana m'chikhatho.

Oonera amachita chidwi ndi mapeto, pamene manja akuthamanga ndipo ufa ukufuka, koma luso lenileni lili koyambirira. Kupinda kanayi kapena kasanu koyamba ndiko kumagamula zonse. Nthawi imeneyo shuga amakhala wolimba, ndipo mmisiri sakoka kwenikweni. Dzanja limodzi limagwira, lina limafinya n'kumasendera kutsogolo pang'onopang'ono, nkhata ikuzungulira, kufunda kwa zikhatho kukufewetsa shuga. Malo amene aonda kuposa anzake pa chiyambi amaondabe mpaka kumapeto, ndipo ndi amene amayamba kuduka. Choncho diso limakhala pa malo onenepa, kuwafinya, n'kulambalala oonda. Zingwe zikadutsa 200 mtolo umayamba kumvera, ndipo kukoka kumakhala kopepuka, kwa manja onse awiri. Apa wochedwa amaluza, chifukwa timaulusi tating'ono timazizira ndi kuuma msanga.

Pakaduka timaulusi tochepa chakumapeto palibe vuto, anzake amatinyamula. Koma pakaduka chingwe chimodzi pamene zilipo zisanu ndi zitatu zokha, ntchito yawonongeka, chifukwa nsonga ziwirizo zimalendewera ndi kusokoneza kupinda kulikonse kotsatira.

Ufa ndi zamkati

Ufa wake ndi wa mpunga womata kapena sitachi wa chimanga, ndipo amayamba aukazinga pa moto wochepa, mphindi khumi kapena kupitirirako, osalola kuti ufiire. Amatero pa zifukwa ziwiri. Ufawo sudzaphikidwanso, ndiye uyenera kupsa kuti usamveke uwisi. Komanso kukazinga kumauumitsa, ndipo ufa wouma suwonjezera chinyezi pa shuga. Uzizire kaye usanagwiritsidwe ntchito, ndipo ukhale wambiri m'thireyi yakuya, wokwanira kukwirira nkhata yonse. M'madera ena amagwiritsa ntchito ufa wa soya wokazinga, umene umapereka mtundu wachikasu ndi fungo lake lokoma.

Ulusi pawokha ulibe kukoma kwambiri, ndi shuga ndi ufa basi. Kukoma kumachokera mkati: mtedza wokazinga wosinja mwamisere, chitowe chokazinga, kokonati wopala wouma, ndi shuga pang'ono. Mtedza usasinjike mpaka kutuluka mafuta ngati chiponde, chifukwa mafuta amanyowetsa ulusi n'kuugwetsa. Mmisiri amakutumula ufa wotsala, amadula mtolo m'zidutswa za masentimita pafupifupi khumi, amaika kasipuni ka zamkati pa chidutswa chilichonse, n'kukulunga mopepuka ndi zala kapena ndi timitengo todyera. Wokulunga mothinitsa amaphwanya ulusi umene wangouvutikira.

Zikalakwika, cholakwa chimaoneka pa chibuma

Chibuma cholimba ngati mwala, chimene chimang'aluka poboola, chinapsa mopitirira. Nthawi zina chimapulumuka mukachifunditsa pang'ono, mwina pochiika m'thumba lapulasitiki lomanga bwino n'kuliviika m'madzi ofunda. Chibuma chimene chimadzikoka chokha n'kumalendewera, zingwe zake n'kumamatana ngakhale ufa ulipo, sichinapse, madzi anatsalamo ambiri. Chimenecho chibwerere pamoto ndi madzi pang'ono. Chibuma chotuwa, cha mchenga, chimene chimayoyoka pokoka, chinachita mibulu: mwina anatakasa, mwina maltose kapena viniga anachepa. Chachikasu kwambiri ndi chomata m'manja chinakhalitsa pamoto kapena viniga anachuluka.

Palinso cholakwa chimene sichichokera mumphika. Tsiku la mvula kapena la chifunga, muyezo womwewo umene unagwira dzulo umakana. N'chifukwa chake amisiri amakweza kutentha pang'ono nyengo yotentha ndi yachinyezi, n'kutsitsako nyengo yozizira. Manja a thukuta nawo amasungunula ulusi.

Pa kashopu: kugula ndi kudya

Shuga amakoka madzi a mumpweya, ndipo amakoka kudzera pa khungu lake. Chibuma chimodzi chili ndi khungu lochepa. Chikasanduka makilomita a ulusi, pafupifupi shuga yense amakhala pamtunda, poyera. N'chifukwa chake maswitiwa amayamba kusintha atangochoka m'manja mwa mmisiri. Pamalo achinyezi monga Hong Kong kapena Singapore, ulusi umayamba kugwirana pasanathe nthawi yaitali, ndipo pofika mawa kamtolo kofewa kaja kamakhala katafota n'kusanduka kachibuma kotafuna movutikira. Shopu yaing'ono yopanga pang'onopang'ono ogula akudikira si chionetsero chabe. Ndi njira yokhayo yogulitsira chinthucho chili pachimake.

Wogula ayang'ane zinthu zochepa. Timaulusi tioneke patokhapatokha, towuma, tosanyezimira ngati tanyowa. Kamtolo kakhale kotukuka, osati kophwatalala. Mtedza ununkhire kukazinga kwatsopano, chifukwa mtedza wosinja ukakhalitsa umayamba kununkha mafuta akale. Ndipo ngati mmisiri akukoka pomwepo, ndi bwino kudikira a mtolo umenewo kusiyana ndi kutenga a m'bokosi amene apangidwa m'mawa.

Kadyedwe kake n'koika kamtolo konse mkamwa kamodzi. Woluma theka amathira mtedza pa malaya ndipo ulusi umakakamira pa milomo ndi pachibwano. Musapume mwamphamvu pamene mukukaika mkamwa, ufa ungakutsamwitseni. Mukakasiya pa lilime osatafuna, ulusi wakunja umasungunuka nthawi yomweyo, kenako wotsalawo umagwirana n'kukhala wonanda, ndipo pamapeto mano amakumana ndi mtedza ndi chitowe. Ambiri amadabwa kuti satsekemera monga amaonekera. Tiyi wopanda shuga ndi mkaka ndiye amayenda nawo bwino.

Otsala atsekeredwe m'chitini chosalowa mpweya, pamalo ozizira ndi ouma. Mufiriji muli msampha: mukawatulutsa ozizira n'kutsegula pomwepo, chinyezi cha mumpweya chimatera pa ulusi n'kuusungunula. A m'mapaketi a m'masitolo, amene kawirikawiri amalembedwa kuti longxu su, amakhala ouma, a ufa wambiri, ofumbutuka mkamwa, ndipo amamatidwa mwamphamvu kuti akhale miyezi. Ndi abale, koma munthu asaweruze a pamanja atangolawa a m'paketi.

Amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena chitowe afunse zamkati asanalawe, ndipo amene amadwala akadya tirigu akumbukire kuti maltose amachokera ku chimera cha tirigu kapena balere. Odwala matenda a shuga asanyengeke ndi kusatsekemera kuja. Maltose ndi tizigawo tiwiri ta gulukosi tolumikizana, ndipo amakweza shuga wa m'magazi mofulumira kwambiri.

Nthano za kunyumba yachifumu, ndi abale a kutali

Pafupifupi wogulitsa aliyense ali ndi nkhani ya mfumu. Ina imati m'nthawi ya mafumu a Han, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, wophika wa kunyumba yachifumu anakoka maswitiwa pamaso pa mfumu, ulusi n'kukakamira pachibwano pake ngati ndevu, ndipo poti mfumu inkayerekezedwa ndi chinjoka dzina linabadwira pomwepo. Ina imati mfumu Zhengde ya mzera wa Ming, imene inalamulira kuyambira 1505 mpaka 1521, inawapeza kwa anthu wamba akutchedwa maswiti a ulusi wasiliva, n'kuwatengera kunyumba yachifumu ndi kuwapatsa dzina latsopano. Nkhani ziwirizi zikusiyana ndi zaka zoposa 1,000, ndipo sizigwirizana ngakhale pa mfundo yoti maswitiwa anatsika kuchokera kwa mafumu kapena anakwera kuchokera mumsewu. Zimayenda pakamwa ndi pa mapepala okutira maswiti. Chimene chili ndi umboni wolembedwa ndi ukale wa maltose.

Komanso China si yokha. Ku Turkey kuli pişmaniye, wotchuka mumzinda wa İzmit, amene mwamwambo amakokedwa ndi anthu angapo atazungulira thireyi yaikulu, ndipo ufa wake amaukazinga mu batala. Ku Iran kuli pashmak. Ku India kuli soan papdi, wa ufa wa nyemba zamtundu wa tchana ndi mafuta a mkaka. Onsewa amatsata nzeru imodzi: nkhata ya shuga, kupinda, ndi ufa wolekanitsa. Ku South Korea, m'dera la Insa-dong mumzinda wa Seoul, anyamata ogulitsa kkultarae amawerenga zingwe moimba mpaka 16,384 n'kumati anali chakudya cha mafumu a kumeneko, pamene olemba ena a ku Korea komweko amanena kuti anangofika m'zaka za m'ma 1990 kuchokera ku China.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la kochokera. Ena amaona kufanana kwa longxu tang, pashmak ndi pişmaniye n'kunena kuti luso linayenda ndi amalonda a m'njira zakale zolumikiza China, Persia (Iran wa lero) ndi Anatolia (ku Turkey), ngakhale sagwirizana kuti linkalowera kuti. Ena amati aliyense wokoka shuga kapena mtanda wa ufa angathe kutulukira yekha nzeru yopinda nkhata, monga amachitira okoka noodles a mumzinda wa Lanzhou ku China, amene amawirikiza zingwe mwa njira yofananayo.

Lachiwiri ndi loti mawu akuti "achikhalidwe" akuimira chiyani. Kwa ena, maswiti a shuga woyera, manyuchi a chimanga a kufakitale ndi choyezera kutentha ataya mwini wake, amene ndi maltose wophikidwa ndi diso. Kwa ena chikhalidwe chili m'manja, ndipo bola munthu akukoka yekha, zothiramo zingasinthe monga zakhala zikusinthira kuyambira pamene shuga wa nzimbe anafika. Mkangano womwewo umabuka pa zamkati zatsopano monga chokoleti, ndi pa ulusi wothira mitundu.

Lachitatu ndi la olowa m'malo. Boma la Hong Kong linaika kapangidwe ka maswitiwa pa mndandanda wake woyamba wa maluso a makolo oyenera kusungidwa, umene unatuluka mu 2014 uli ndi zinthu 480. Kulembedwa pa mndandanda kumabweretsa ulemu, alendo ndi makamera, koma sikulipira lendi ya shopu, ndipo chinthu chimene chimawonongeka pa tsiku limodzi n'chovuta kuchigulitsa kutali. Mafakitale anayankha poumitsa maswitiwo ndi kuwamata m'mapaketi, zimene zimafikitsa dzina lake kutali koma zimasintha chimene chikudyedwa. Timavidiyo ta pa intaneti tabweretsa achinyamata ambiri oyesa kukhitchini kwawo, ndipo ena amati amenewa ndiwo adzasunge lusoli. Ena amafunsa ngati woyesa kamodzi kuti ajambule angafanane ndi munthu woima pa thireyi ya ufa tsiku ndi tsiku, amene amasintha kaphikidwe akangoona kuti kunja kwachita mitambo.